Waya wa M'udzu

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera kwathu ku Chiuta, mbali ya ku Mozambiki, nkhondo itatha, ine ndi ababa, anthu awiri basi. Ndikuti kwathu chifukwa ndi mmene ababa ankanenera, koma ine sindinkakudziwa. Ndinawoloka kupita ku Malawi ndili kumbuyo kwa amayi, ndipo miyendo yangayi inaphunzirira kuyenda tsidya lija, cha ku Nayuchi, pakati pa othawa nkhondo anzathu. Pobwerera ndinali kamtsikana kodziwa kutunga madzi ndi kusesa pabwalo. Ababa anasenza mtolo wa zofunda ndi makasu, ine ndinasenza chitini chopanda kanthu, chija chinkabwera ndi mafuta ophikira a ku kampu. Ndipo m'khwapa mwa ababa munali thabwa limodzi, losalala, lodetsedwa ndi thukuta la m'manja, lokhala ndi timabowo uku ndi uku.

Thabwa limenelo linali bangwe wawo. Anzanga amene munakulira m'tauni mwina simunamuonepo. Bangwe ndi thabwa lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Amaboola timabowo kumapeto konse kuwiri, n'kutenga waya mmodzi wamtali, kumulowetsa pabowo ili, kumukoka mpaka mbali inayo, kumutembenuza, kumubwezanso, mpaka pathabwapo pandandalike zingwe zisanu ndi ziwiri. Koma zonsezo ndi waya mmodzi. Akaduka pamalo amodzi, zingwe zonse zimakhwefuka nthawi yomweyo. Pansi pa chingwe chilichonse amaika kamtengo ka nsungwi. Ukakakankhira kutsogolo mawu amakwera, ukakabweza mawu amatsika. Kenako mutu wa thabwalo amaulowetsa m'chitini kuti mawu akule.

Ababa anali munthu wa mawu ochepa kuyambira kale. Amayi ankati pofunsira ukwati sananene china choposa moni, anangokhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba n'kumaimba tsiku ndi tsiku mpaka akuchikazi anatopa nawo n'kuvomera. Ndipo m'nyumba mwathu zinkayenda choncho. Ndiwo zikachepa mchere ababa sankanena. Ankadya mwakachetechete, kusamba m'manja, kutenga bangwe n'kuyamba kuimba za munthu wina wa kutali amene mkazi wake ankathira mchere ngati mankhwala a m'maso. Amayi ankawagenda ndi chitsononkho uku akuseka. Ine ndikaswa chikho kuchitsime ndinkamvera m'nyimbo kuti nkhani yawapeza. Ndikadwala malungo, dzina langa lakuti Rozina linkamveka mofewa, mobwerezabwereza, mpaka tulo n'kundiba. Kunena zoona, ababa anga ndinkawadziwira pa waya.

Amayi anamwalira mvula yomaliza tisanabwerere, ndi matenda otsegula m'mimba. Anawaika kumanda amene eni mudzi anatipatsa ife alendo. Tsiku loti mawa tinyamuka, ababa ananditenga kukatsanzika, bangwe ali m'khwapa. Mtanda wa pamandapo unali womanga ndi luzi, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kulidya. Ababa anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kuika bangwe pamiyendo, ine n'kumati aimba. Sanaimbe. Anamasula waya pabowo loyamba n'kuyamba kumusolola pang'onopang'ono, bowo ndi bowo, timitengo ta nsungwi tikugwera m'dothi. Ndi waya ameneyo anamanga mtandawo, kuzunguliza ndi kuzunguliza mpaka yense anathera pomwepo. Tinachoka kumandako thabwa lili mbulanda.

Ku Chiuta ababa anazindikira malo athu chifukwa cha mtengo wa mango umene anabzala asanathawe. Nyumba panalibe, panali mulu wa dothi ndi udzu wopitirira mutu wanga. Malowo anali kumapeto kwenikweni kwa mudzi, kumene njira ya asodzi imapatukira kunyanja. Tinamanga kanyumba, ndipo thabwa lija ababa analisomeka kudenga, pakati pa udzu ndi phaso. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munangoti zii. Ndinkamva chiswe chikudya m'denga. Ndinkamva ababa akumeza madzi. Mawu awo a tsiku lonse ndikanatha kuwanyamula m'chikhatho chimodzi: "Madzi." "Tseka chitseko." "Wadya?" Sankandimenya, sankandikalipira, ndi njala sindinkagona. Ankandifunditsa, ankandizula minga kuphazi mosamala ngati mzimayi. Koma ine ndinkaona ngati tinaika amayi ndi ababa m'manda amodzi, n'kubwerera kuno ndi munthu wina wofanana nawo nkhope.

Kusikola nakonso kunalibe kothawira. Tinkaphunzirira m'nyumba yopanda denga, makoma ake obooka ndi zipolopolo. Apulofesolo, ndiye kuti aphunzitsi athu, ankayankhula Chipwitikizi chokhachokha, ine n'kumangoyang'ana milomo yawo ngati ndiwerengapo kanthu. Ana amene sanathawe ankacheza m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. Ndikati sopo iwo ankati sabau, ndikati sukulu ankafa ndi phwete. Anandipatsa dzina lakuti Mmalawi, chonsecho ku Malawi kuja ankatitchula Amozambiki. Ana ena obwerera analipo, koma iwo anali ndi amayi awo owaluka tsitsi ndi achemwali oyenda nawo. Ine tsitsi ankandimeta ababa ndi lumo, mpala weniweni, ndiye atsikana ankandithamangitsira kwa anyamata, anyamata n'kundibwezera kwa atsikana. Nthawi yopuma ndinkakhala patsinde pa khoma n'kumalowetsa chala m'mabowo a zipolopolo mpaka chitsulo chotiitanira m'kalasi chilire.

M'mutu mwanga mwachibwana nkhani inali yapafupi. Ababa asiya kuimba chifukwa alibe waya. Ndikawapezera waya, aimba. Basi. Koma waya masiku amenewo anali chinthu chosowa, abale anga. Nkhondo inadya chilichonse chachitsulo. Msomali wopindika munthu ankauwongola ndi mwala n'kuusunga m'thumba ngati chuma. Ndinayesa zimene ndikanatha. Ababa akapita kudimba ndinkakwera pamtondo n'kutsitsa thabwa lija. Ndinamangapo khonje wopota pantchafu, koma analira ngati munthu akupuntha mphasa yonyowa. Ndinakatola nayiloni ya mbedza kugombe. Imeneyo inalirako pang'ono, kamawu kowonda ngati ka udzudzu, kenako inaduka n'kundikwapula patsaya. Ndinkamasula zonse n'kubwezera thabwa kudenga dzuwa lisanafike pamutu. Ndikhulupirira ababa ankadziwa, poti fumbi la pathabwapo linkachoka, koma sananene kanthu.

Tsiku lina kusikola kunabwera alendo ochokera kuboma, ku Insaka, atanyamula zithunzi zikuluzikulu. Anabwera kudzatiphunzitsa za mina, mabomba okwirira amene asilikali anasiya m'tchire. Pachithunzi china panali waya wopyapyala atamangidwa m'udzu, ndi mwana atatambasula dzanja kuti amugwire. Anatiuza kuti tinene tonse pamodzi, mobwereza, mawu awiri: "Nau toka." Mtsikana wina wamkulu amene ndinakhala naye pafupi anandimvera chisoni n'kundinong'oneza kuti akuti usakhudze. Ndipo anawonjezera zakezake zimene alendowo sananene, kuti ukapezeka wamukoka kale wayayo usamutaye, chifukwa bomba limaphulika ukangotsegula dzanja. Mawu oyamba a Chipwitikizi amene ndinasunga pamtima anali amenewo.

Inafika nyengo ya bowa. M'mawa wina ababa atapita kudimba ndinatenga kadengu kukazula bowa m'mbali mwa njira ya asodzi. Lamulo la pamudzi linali loti tiziponda pamene ena aponda kale, koma bowa wa m'mbali mwa njira anali atazulidwa ndi odzuka msanga, wotsala anali mkati. Ndinalowa pang'ono, n'kuwonjezera pang'ono, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, kadengu kakudzaza. Kenako dzuwa linawala pa kanthu kena pansi pa udzu. Ndinasuzumira. Waya. Osati wadzimbiri ngati wa mpanda ayi, koma woyera, wopotana bwino ngati tsitsi loluka. Chithunzi chija sindinachikumbuke n'komwe. Ndinangoona ababa atakhala pansi pa mango, thabwa lili pamiyendo. Ndinataya kadengu, ndinamugwira, ndinakoka.

Sanabwere. Anali womangika penapake, ndipo nditakoka, patsogolo panga m'udzu china chake chinagwedezeka, tswa. Pamenepo mpamene mawu awiri aja anandifika m'makutu ngati apulofesolo aima kumbuyo kwanga.

Ndinauma pomwepo, chowerama, bondo limodzi lili pansi, dzanja lamanja litagwira waya. Ndinakuwa kuitana ababa mpaka mawu anatha. Dimba linali kutali, ndipo asodzi anali atadutsa kale m'mamawa. Zinandiyankha ndi njiwa zokha. Dzuwa linakwera, mame anauma, udzu unayamba kununkha kutentha. Nyerere zinapeza phazi langa, zinakwera mwendo, zinalowa m'kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, ine osatha kuzisasa. Waya analowa m'mnofu wa zala. Dzanja linatopa, ndiye ndinaligwiriziza ndi linzake. Ndikunena popanda manyazi kuti ndinadzikodzera, ndipo ngakhale pamenepo ndinkaopa kuti mwina madziwo adzutsa bomba.

Ndinapemphera mapemphero onse amene amayi anandiphunzitsa, kuyambira la pogona mpaka la pachakudya. Atatha ndinayamba kungoyankhula ndi Mulungu ngati mmene mwana amayankhulira ndi malume ake. Imfa sindinkaidziwa bwino, koma manda ndinkawadziwa. Chimene chinkandiliza kwambiri n'chakuti ababa adzatsala okha m'kanyumba kaja, opanda ngakhale womuuza kuti "Madzi." Ndinkadzifunsanso kuti nanga mtanda wanga adzamanga ndi chiyani, poti waya anathera kwa amayi. Kukuwa kutandikanika ndinayamba kuimba, nyimbo ija ya mchere, chifukwa ndi imene inabwera pakamwa.

Dzuwa litapendeka ndinamva njinga ikulira kunjira, ndi fungo la dengu la nsomba. Anali Che Adamu, msodzi wachisilamu wa kugombe, akubwerera kuchokera kumsika. Njinga yawo inkadziwika mudzi wonse chifukwa inalibe mabuleki, ankaimitsa ndi chidendene. Ndinamva chidendenecho chikukwekwereza pansi.

"Ndani akuimba m'tchiremo?"

"Ndine Rozina, mwana wa a Zakariya. Ndagwira waya."

Anatsika panjinga. Kenako anayankhula motsitsa, ngati bombalo lili ndi makutu. "Mwali, usasunthe. Usatsokomole n'komwe. Ndikukatenga abambo ako."

Posakhalitsa njira inadzaza anthu, onse ataima patali, azimayi manja ali pamutu. Ababa anafika akuthamanga, matope a kudimba mpaka m'mawondo. Amuna ena anawagwira mkono n'kumati wina akwere njinga akaitane odziwa za mina ku Insaka.

"Insaka ndi kutali," anatero ababa. "Dzanja la mwana latopa."

Anagwada n'kuyamba kukwawa, kutsata pamene udzu unagona ndi mapazi anga. Ndipo ankayankhula. Abale anga, ababa ankayankhula. "Rozina, mayi wanga, yang'ana kuno. Usayang'ane dzanjalo, yang'ana ine. Waona matope awa? Ndagwa panjira ngati chidakwa, anthu onse akuona. Bowa wazulayo ndi wabwino, tikamuphika ndi nsinjiro. Gwira choncho, wagwira bwino. Amako analinso ndi dzanja lolimba ngati limenelo, akagwira munsi mtondo unkalira." Kuchokera tsiku la maliro anali asanawatchulepo amayi. Ine ndinkalira, koma mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti pokwawa pawo patalike, kuti asasiye kuyankhula.

Atandifika anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kugwira waya. "Tsopano taya. Ubwerere poponda pamene ndadutsa ine." Zala zanga zinakana kutambasuka, anachita kuzitsegula chimodzichimodzi ndi dzanja linalo. Ndinabwerera pang'ono n'kuima. Kunjira anthu ankandikodola, koma miyendo sinalole kuwasiya. Ndinaona ababa akupatula udzu ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, kutsata kumene waya ankapita. Kenako analeka. Anayang'anitsitsa. Anakhala pansi m'udzumo, n'kutaya waya uja, n'kuphimba nkhope ndi manja. Palibe chinaphulika. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

"Achimwene," anafunsa Che Adamu ali kunjira, mawu atachepa, "wayayo wamangidwa kukamtengo ka mpoza?"

"Eya."

"Ndipo mbali inayo wazungulira ngati chibangili?"

"Ndi choncho."

Che Adamu anavula kofiya n'kukanda m'mutu. "Ndiye ndi khwekhwe langa limenelo. Ndinatchera ntchenzi udzu usanakule. Ndinaiwala."

Mayi wina amene anali atayamba kale kulira maliro anapukuta misozi ndi kapulana. "Che Adamu, mwayamba liti kudya ntchenzi, inu a kumzikiti?"

"Ine sindidya ntchenzi, mayi. Koma iyo imadya mpunga wanga."

"Ndiye mabuleki a njinga aja anathera apa eti," anatero wina, ndipo anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine kuseka kunandikanika. Ababa anandibereka kumbuyo ngati khanda, kadengu ka bowa kali m'dzanja.

Kunyumba ananditsuka mabala a nyerere ndi madzi ofunda. Atamaliza anafunsa, osandiyang'ana. "Waya umamufuna wa chiyani?"

"Wa bangwe wanu."

Anayang'ana kudenga, anayang'ana zala zanga zochekeka, n'kutuluka panja. Bowa uja tinadya osayankhulana. Ndinati basi, mawu onse aja anathera m'udzu.

M'mawa mwake Che Adamu anabwera kudzapepesa atanyamula matemba m'mbale ndi waya uja atamukulunga bwino. Anati ntchenzi yagwidwa, khwekhwe latha ntchito. Atapita, ine ndinakokera mtondo pansi pa denga kuti nditsitse thabwa. Ababa anandigwira phewa.

"Ameneyo musiye. Waya wake ali ndi amako." Dzanja lawo linali paphewa pomwepo. "Tipange wako."

Ndinali mwana, koma ndinamva. Miyezi yonse ija chimene ababa ankasowa sichinali waya.

Anatenga chidutswa cha mlombwa chimene chinatsala popanga chitseko, n'kundipatsa galasi losweka kuti ndipale mpaka chisalale. Ndinkapala ndikaweruka kusikola, fumbi lofiira likundilowa m'mphuno. Kenako anaika sipoko ya njinga pamoto, itafiira n'kugwira dzanja langa kuti tiboolere limodzi. Utsi wake unali wonunkhira, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mlombwa ukupsa ndimatembenuka. Waya wa buleki ndi timawaya tambiri topotana, ndiye tinamumasula kamodzikamodzi, n'kumatiwongola pokokera patsinde la mango. Tinali tatifupi, tosakwanira kuzungulira thabwa lonse ngati waya wa ababa, choncho chingwe chilichonse chinakhala ndi kawaya kake, komangidwa pakokha. Ababa anati ameneyo si bangwe weniweni, ndi mwana wa bangwe. Koma anali ndi ubwino wake: chingwe chimodzi chikaduka, zinzake zinkatsala. Timitengo ta nsungwi ndinasema ndekha, ndipo chitini chija ndinasenza kuchokera ku Malawi tinachiboola m'mbali n'kulowetsamo mutu wa thabwa.

Titamaliza anandipatsa m'manja, n'kutenga khasu lawo n'kumapita. Sanandionetse pokankhira timitengo. Sanagunde chingwe ngakhale chimodzi kuti amve kulira kwake.

Ndiye ndinayamba ndekha. Ndinkakhala pansi pa mango dzuwa likapepa n'kumakhwacha ndi chala. Mulungu andikhululukire, phokoso lake nkhuku zinkasamuka. Chingwe china chinkalira ngati mphaka wopondedwa mchira, china ngati njinga ya Che Adamu ikukwera chitunda. Sindinkadziwa kuti zingwe zimafunika kumvana. Ababa ankakhala chapatali atandifulatira, akusema mpini kapena kuluka dengu, ndipo ndinkaona mapewa awo akukwera nthawi iliyonse ndikagunda chingwe chapakati. Koma sankatembenuka. Masiku anapita choncho. Zala zinatupa, zinaphulika, zinauma. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ananditengera chidole chongonditonthozera, kuti ndisakalowenso m'tchire. Madzulo ena ndinapemphera kuti Ambuye, ngati ababa saimbanso, mundichotsere chilakolako chimenechi, ndizolowere.

Tsiku lotsatira ndinakhalanso pamalo panga, wopanda mtima, n'kumangogunda chingwe chapakati chija, chomwechomwecho, chomwechomwecho. Ndipo kuchokera kumene ababa ankasema mpini ndinamva: "Mmmm."

Ndinaleka.

"Mmmm," anateronso, osatembenuka. "Chizilira choncho. Kankhira kamtengoko kutsogolo."

Ndinakankhira. Ndinagunda.

"Wapitirira. Bweza pang'ono. Mmmm."

Ndinabweza, ndipo mawu a waya ndi mawu a ababa anakumana n'kukhala chinthu chimodzi, moti thupi langa lonse linachita tsembwe. Tinapita pachingwe chotsatira, iwo akung'ung'uza, ine ndikukankhira. Kenako chinanso. Pofika chomaliza anali atatembenuka, mpini uli pansi. Anasendera pafupi n'kundionetsa kugwira zingwe zina ndi zala zamanzere kuti zikhale chete, kusiya zina zilire, chala chamanja chikukhwacha. Thabwa sanaligwire, ankangogwira zala zanga. Nditayamba kugwira kayendedwe kake, ndikupunthwapunthwa, ababa anakonza kukhosi, anayang'ana kumbali ngati akuchita manyazi, n'kuyamba kuimba motsitsa. Ankaimba za msodzi wina amene anatchera ntchenzi ya miyendo inayi n'kukola ya miyendo iwiri, yometa mpala, yodziwa mapemphero. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali dzina langa. Misozi inkagwera pathabwa, koma sindinasiye kukhwacha, poopa kuti ndikasiya nawonso asiya.

Dzina lakuti Ntchenzi linandimamatira kusikola, ndipo linali labwinoko kuposa la Mmalawi, chifukwa ankalitchula akuseka nane. Apulofesolo atamva anandiuza kuti ndibwere naye bangweyo. Ndinamuika pamiyendo pamaso pa onse, apulofesolo n'kunena kuti, "Toka." Ine, poti mawu amenewo ndinkangowadziwira ku mina, ndinabweza manja kumbuyo msangamsanga. Kalasi yonse inagwa ndi kuseka. Mpamene ndinadziwa kuti m'Chipwitikizi kukhudza ndi kuimba choimbira ndi mawu amodzi omwewo.

Sindinganame kuti kuyambira pamenepo ndinapeza anzanga ambiri. Mtsikana woimba bangwe anthu ankamuona ngati chachilendo, ena ankati sindidzakwatiwa. Nyumba yathu inakhalabe ya kumapeto, ya anthu awiri. Sikola ndinalekeza kupulaimale. Ababa sanamangenso waya pathabwa lawo mpaka Ambuye anawatenga, ndipo ankaimba pokhapokha ine ndikukhwacha. Koma ankaimba. Ndiwo zanga zikachepa mchere ndinkamvera m'nyimbo, ine mwini ndikuimbira amene akundinena.

Lero zinthu zinasintha, ndipo ndimayamika Mulungu. Mina anazichotsa, ana anga akula akuthamanga m'udzu osayang'ana pansi. Waya ali paliponse, wa sola padenga, wa foni pakhoma, wina woyanikapo zovala. Kutchalitchi kwathu achinyamata amaimba ndi limba la magetsi, ndipo mawu ake safuna munthu wong'ung'uza. Mwana wanga woyamba amakonza njinga zamoto ku Insaka, ndipo ndikapita kukamuona ndimapeza mawaya a mabuleki atatayidwa pansi ngati zinyalala. Ndimawerama n'kutola. Iye amati, "Amayi, mukundichititsa manyazi pamaso pa makasitomala." Ndimangomwetulira n'kuika m'chikwama.

Thabwa la ababa lili kudenga kwanga. Mwana wanga wotsiriza, wamkazi, anafunsa tsiku lina kuti bwanji osalimanga waya, poti mawaya ndadzaza nawo m'nyumba. Ndinamuyankha mmene ababa anandiyankhira ine, ndipo tinapanga wake. Amakhwachako akafuna, koma foni imamuitana msanga, ndipo sindimukakamiza. Iye ali ndi anthu ambiri omuyankhula.

Ine ndimaimbabe, madzulo, ana akapita kokacheza ndipo pabwalo pangotsala nkhuku. Nthawi zina, ndikuuzeni anzanga, ndimabweza dala kamtengo ka chingwe chapakati kuti chilire molakwika. Ndimachigunda, n'kukhala chete pang'ono, khutu lili kumbuyo. Sikumveka kanthu. Ndiye ndimang'ung'uza ndekha, "Mmmm," n'kukankhira kamtengoko kutsogolo.